Wotchi ikalumpha masekondi 37 magetsi akathima, yang'anani driver ya khadi ya netiweki

Ndimakonza makompyuta ndi netiweki kuno ku Mangochi, ndipo mwa makasitomala anga muli studio ina yaing'ono yojambula makwaya, makaswida ndi mapulogalamu otumiza ku mawailesi. Zipangizo zawo anazilandira kudzera mu pulojekiti ina, ndipo n'zamakono ndithu. Mawu sayenda m'mawaya ambirimbiri ngati kale. Amadutsa pa chingwe cha netiweki kuchoka m'chipinda choimbira kupita ku mikisa, kenako ku kompyuta ya Linux yojambulira. Dongosolo lotumizira mawu pa netiweki limeneli limatchedwa AES67, lomwe linatuluka mu 2013. Ndikulemba izi chifukwa vuto lomwe linawagwera silimveka ngati la wotchi n'komwe, ndipo munthu akhoza kuwononga ndalama kugula zingwe ndi switch yatsopano (kabokosi kolumikiza zipangizo za pa netiweki) pomwe matenda ali mu driver, kapulogalamu koyendetsa khadi ya netiweki.

Dandaulo linali lakuti nyimbo zojambulidwa zimathetheka, nthawi zina mawu amangozimirira kwa kanthawi n'kubwereranso. Mayi amene amayendetsa studioyo anandimvetsera nyimbo ya kwaya ina yomwe inachita kusonkherana ndalama ya galimoto kuchokera ku Makanjira. Ndime yoyamba inali bwinobwino, yachiwiri mawu anayamba kung'ambika ngati sipika yaphulika. "Achimwene, anthu amenewa ndikawauza chiyani? Asonkhenso abwere?"

Chomwe chimalumikiza kuthetheka ndi wotchi n'chakuti mawu amayezedwa ka 48,000 pa sekondi imodzi, kutanthauza kuti muyezo umodzi umatenga pafupifupi ma microsecond 21 (sekondi imodzi ili ndi ma microsecond miliyoni). Chipangizo chilichonse chili ndi ka crystal kake kowerengera nthawi, ndipo palibe tiwiri tofanana ndendende. Tikasiyana ndi magawo 50 pa miliyoni, pa tsiku ndi masekondi anayi ndi kanthu, zomwe pa wotchi ya pakhoma simungazidandaule. Koma pa mawu ndiye kuti wotumiza akuposa wolandira ndi miyezo iwiri kapena itatu sekondi iliyonse, ndipo posakhalitsa wolandirayo ayenera kutaya ina kapena kuyika yabodza. Khutu limamva kuthetheka. NTP, yomwe makompyuta ambiri amatengera nthawi pa intaneti, imakufikitsani pa ma millisecond (sekondi imodzi ili ndi ma millisecond 1000), ndipo apa sizikwanira. N'chifukwa chake AES67 imadalira PTP (Precision Time Protocol), njira yogwirizanitsira mawotchi a zipangizo za pa netiweki molondola kwambiri.

PTP ndi muyezo wa IEEE 1588. Unatuluka koyamba mu 2002, mtundu wachiwiri womwe ambirife timagwiritsa ntchito ndi wa 2008, ndipo anaukonzanso mu 2019. Pa netiweki pamakhala wotchi imodzi yomwe onse amaitsatira, grandmaster. Ya mu studio muja imatenga nthawi ku GPS kudzera pa kaeriyo kali padenga. Grandmaster imatumiza uthenga wa Sync n'kuuza kompyuta nthawi yomwe wanyamuka, kompyuta n'kulemba nthawi yomwe wafika. Kenako kompyuta imatumiza wake, Delay_Req, n'kusunga nthawi yonyamukira, ndipo grandmaster imayankha ndi Delay_Resp kunena kuti unafika nthawi yanji. Ndi manambala anayiwa kompyuta imadziwa kutalika kwa ulendo ndi kusiyana kwa mawotchi awiriwo. Chinsinsi chonse chagona pa malo pomwe chidindo cha nthawi chikumenyedwa. Zili ngati kalata yotumiza pa kabaza: mukalemba nthawi muli mu ofesi pomwe wakabaza akucheza panja, nambala yanuyo ndi yabodza, yoona ili ndi mlonda wa pageti amene waona njinga ikutuluka. Pa kompyuta mlonda ameneyu ndi khadi ya netiweki, yomwe ili ndi wotchi yakeyake ndipo imadinda paketi ikamatuluka kapena kulowa pa waya. Koma chidindocho chimafika ku pulogalamu kudzera mwa driver.

Ndiye pa makina otere pali mawotchi atatu, ndipo musanakhudze chilichonse muwasiyanitse m'mutu mwanu: grandmaster, wotchi ya m'khadi yomwe Linux imaionetsa ngati /dev/ptp0, ndi wotchi ya kompyuta yeniyeniyo. Pulogalamu ya ptp4l imakoka wotchi ya m'khadi kuti itsatire grandmaster, phc2sys imakoka ya kompyuta kuti itsatire ya m'khadi. Zonse ziwiri ndi za mu linuxptp, ntchito yomwe anaiyamba Richard Cochran, yemwenso analowetsa mawotchi a m'makhadiwa mu kernel (mtima wa Linux) ya mtundu wa 3.0 mu 2011. Lamulo la ethtool -T eth0 (eth0 ndi dzina la khadiyo pa Linux) limakuuzani ngati khadi yanu imatha kudinda yokha. Mukapanda kuona hardware-transmit ndi hardware-receive, zonse ndikunena pansipa sizikukukhudzani.

Aliyense mu studio muja ankaloza kutentha. Unali mwezi wa October, ndipo amene amadziwa Mangochi akudziwa mmene chipinda cha malata chimakhalira masana. N'zoona kuti kutentha kumasintha liwiro la crystal. Mukayendetsa ptp4l ndi -m mumaona mizere yonga iyi:

master offset -14 s2 freq +8213 path delay 1742

Nambala yoyamba, offset, ndi kusiyana kwa mawotchi mu ma nanosecond (sekondi imodzi ili ndi ma nanosecond biliyoni), s2 akutanthauza kuti wotchi yagwira, freq ndi mmene ikuthamangitsidwira kapena kuchedwetsedwa. Kuchokera m'mawa kufika masana freq inkasuntha ndithu, koma pang'onopang'ono, ndipo offset inkakhalabe pa manambala aang'ono. Kutentha kumakankha mwakachetechete ndipo ptp4l imatsatira popanda vuto. Sikudumphitsa wotchi.

Za switch ndinaziyang'ana mwachangu. PTP imayenda pa multicast (uthenga umodzi wopita kwa olandira ambiri), adiresi 224.0.1.129, madoko 319 ndi 320, ndipo switch yokhala ndi IGMP snooping (kupereka mapaketi otere kwa okhawo awapempha) popanda querier (chipangizo chofunsa amene akuwafunabe) imatha kusiya kupereka mapaketiwo pakadutsa mphindi zinayi kapena zisanu. Vuto limenelo limabwera mwa ndondomeko, mukhoza kuliyembekezera ndi wotchi m'manja. Lathu linkabwera mwachisawawa. Ndinazimitsanso EEE, kachitidwe kopulumutsa magetsi komwe kamagonetsa waya pakati pa mapaketi, ndi ethtool --set-eee eth0 eee off. Zingwe zinalibe zolakwika za CRC, zosonyeza mapaketi owonongeka panjira. Palibe chinasintha.

Chomwe chinatsegula nkhani n'kusiya ptp4l ikulemba log tsiku lonse la ntchito, mnyamata wa pa mikisa n'kumalemba papepala nthawi iliyonse yomwe wamva mawu atasokonekera. Titaika pepala lake pambali pa log, zinaoneka kuti mavuto ndi awiri osiyana, omwe khutu linkangowaphatikiza.

Loyamba, lija la mawu kuzimirira, linkagwirizana ndi mizere iyi:

timed out while polling for tx timestamp
increasing tx_timestamp_timeout may correct this issue, but it is likely caused by a driver bug
port 1: SLAVE to FAULTY on FAULT_DETECTED

Apa ptp4l yatumiza Delay_Req, yadikira kuti driver iibweretsere chidindo cha nthawi yonyamukira, chidindo osabwera. Mtundu womwe unali pa makinawo umadikira millisecond imodzi yokha. Ikalephera imadziika pa FAULTY, n'kukhala masekondi 16 isanayambirenso kumvetsera. M'kanthawi kameneko wotchi siisochera kwambiri, koma pulogalamu yojambulira ikaona kuti PTP yamasuka imatseka mawu podziteteza.

Uthengawo umakuuzani wokha zoti mukweze tx_timestamp_timeout, nthawi yodikira chidindoyo, ndipo ambiri amaikapo nambala yaikulu n'kunyamuka. Ine ndimaona kuti kukwezako ndi poyezera matenda, si mankhwala. Ndinaika 50. Zolakwika zinachepa kwambiri koma sizinathe, ndipo kusatha kumeneko ndi kumene kunandiuza zambiri. Zomwe zinatha zinali zidindo zochedwa: driver imatenga chidindo m'khadi kudzera pa kantchito ka kernel kodikira mpata, ndipo kompyuta ikamalemba mawu a mamaikolofoni ambiri pa disiki, mpatawo umachedwa. Zomwe zinatsala zinali zidindo zosowa. Chidindo chomwe sichinabwere m'ma millisecond 50 sichibweranso, mungadikire mpaka mawa.

Ndi ethtool -S eth0, n'kusefa mizere yokhala ndi mawu oti tstamp, ndinaona manambala awiri akukwera: limodzi lowerenga zidindo zomwe driver yatopa kudikira, lina lowerenga zomwe yazidumpha. Nditawerenga code ya driver ija, nkhani inamveka. Khadi imeneyi ili ndi malo amodzi okha osungira chidindo cha paketi yotuluka. Driver ikatumiza paketi yofuna chidindo imakweza chizindikiro chakuti malowo ali ndi mwini, ndipo imachitsitsa ikatenga chidindocho. Nthawi zina, makina akapanikizika, chidziwitso chochokera ku khadi chinkadutsana ndi driver, chizindikiro n'kutsala chokwezeka. Paketi iliyonse yotsatira inkapeza malo otsekeka n'kutuluka yopanda chidindo, mpaka gawo lina la driver loyendera zinthu zokakamira litabwera kudzatsitsa chizindikirocho patapita masekondi angapo.

Musanaimbe mlandu driver onani kaye ngati palibe pulogalamu ina yolimbirana malo amodziwo. Chrony, pulogalamu ya NTP, ikakhala ndi mzere wa hwtimestamp pa khadi yomweyo imapemphanso zidindo, ndipo zizindikiro zake zimafanana ndi izi. Onaninso kuti systemd-timesyncd kapena chrony sizikukoka wotchi ya kompyuta pomwe phc2sys ikukokanso. Pa makina athu zonsezi zinali zozimitsa.

Umboni ndinaupeza m'njira ziwiri zosafuna ndalama. Ndinayendetsa ptp4l ndi -S, kuti zidindo zizimenyedwa ndi kernel osati khadi. Offset inakula kufika ma microsecond makumi angapo, zomwe n'zoyembekezeka, koma FAULTY sinaonekenso ngakhale kamodzi, pa switch yomweyo ndi chingwe chomwecho. Ndiye kuti mapaketi akufika, netiweki ilibe mlandu. Kenako ndinadzutsa kompyutayo kuchokera pa fulashi yokhala ndi kernel yatsopano, yomwe imabwera ndi driver yatsopano, khadi yomweyo, ndi kuipanikiza ndi ntchito yofanana. Nambala ya zidindo zodumphidwa inangokhala pa ziro. Chinthu chimodzi chokha chinasintha, ndipo vuto linachoka nacho. Kernel yatsopanoyo tinaiika pa tsiku lopanda wojambula, yakale tinaisiya mu GRUB, posankhira kernel kompyuta ikamadzuka, kuti pakavuta tibwerere. Mukamakopera zinthu zoterezi ndi bandulo, koperani kamodzi n'kusunga pa fulashi, mudzazifunanso.

Vuto lachiwiri, lija lomwe linaononga nyimbo ya a ku Makanjira, kernel yatsopano sinalichotse. Mnyamata wa pa mikisa ndi amene anali nalo pafupi. "Achimwene, izi zimayamba jenereta ikangolira. Magetsi ake ndi akuda amenewa." Pa nthawi anali wolondola, pa chifukwa ayi. Kompyuta ndi grandmaster zinali pa UPS, bokosi la mabatire losunga magetsi, sizinkamva n'komwe kuti magetsi athima. Koma switch ili m'chipinda china, yolumikizidwa pa soketi ya pakhoma. Magetsi akathima imafa, jenereta ikalira imadzukanso. Mu dmesg -T, momwe mumaoneka mauthenga a kernel, munkaoneka link (kulumikizana kwa khadi ndi switch) yatsika, driver yayambitsanso khadi, link yakwera. Ndipo mzere woyamba wa ptp4l pambuyo pake unali ndi offset ya pafupifupi -37000000000. Ma nanosecond 37 biliyoni, kapena kuti masekondi 37.

Nambala yozungulira chonchi siichokera ku phokoso la magetsi. PTP imawerenga nthawi pa TAI, nthawi ya mawotchi a atomu yomwe siidumpha. Nthawi yomwe tonse timayendera, UTC, amaiwonjezera sekondi nthawi ndi nthawi kuti igwirizane ndi kuzungulira kwa dziko. Mu 1972 ziwirizi zinkasiyana ndi masekondi 10, kuchokera pamenepo awonjezera ka 27, komaliza pa 31 December 2016, ndiye TAI ili patsogolo ndi 37. Wotchi ya m'khadi iyenera kukhala pa TAI, ya kompyuta pa UTC, ndipo phc2sys ndi imene imasunga mpata wa pakatipo. Mukaona 37, dziwani kuti wina wakopera wotchi imodzi n'kuiika pa inzake osawerengera mpatawo. Mukaona 18 kapena 19, yang'anani kumbali ya GPS, chifukwa nthawi ya GPS ili patsogolo pa UTC ndi 18 ndipo ili kumbuyo kwa TAI ndi 19. Mukaona 7200, amenewo ndi maola awiri athu a CAT, wina wasokoneza nthawi ya kuno ndi UTC.

Wokoperayo anali driver. Ikayambitsanso khadi, wotchi ya m'katimo imafufutika, ndipo driver imaidzaza ndi nthawi yomwe yaipeza pa kompyuta, ya UTC. Chomwe chinandivuta kumvetsa poyamba n'chakuti ndikazula chingwe ndi dzanja studio ili chete, palibe chinkachitika. Link inkatsika n'kukwera, wotchi ili pomwepo. Code inayankhanso. Driver siyambitsanso khadi pa kutsika kulikonse kwa link. Imatero pokhapokha ikapeza kuti pamzere pali mapaketi odikira kutuluka omwe tsopano sangatulukenso. Pa kompyuta ya mu ofesi mzerewo nthawi zambiri umakhala wopanda kanthu. Koma AES67 imatumiza paketi millisecond iliyonse, mapaketi 1000 pa sekondi pa mtsinje umodzi wa mawu, ndipo kompyuta ija imatumiza mawu obwerera ku mahedifoni a oimba nthawi yonse yojambula. Link ikaduka pakati pa nyimbo, mzere sungakhale wopanda kanthu.

Ndinayeza motere, ndipo aliyense akhoza kuyeza chimodzimodzi. Imitsani ptp4l ndi phc2sys mawotchi atagwira kale, lembani phc_ctl eth0 cmp, muona kusiyana kwa pafupifupi masekondi 37 pakati pa wotchi ya m'khadi ndi ya kompyuta. Yambitsani mawu, zulani chingwe, bwezeranipo, lembaninso lamulo lomwelo. Kwathu kusiyanako kunagwa kufika pafupi ndi ziro, nthawi iliyonse. Vuto lomwe mungathe kuliitana nthawi yomwe mwafuna ndi limene mungalikonze. Mayi aja anachita kuseka ataona ndikuthethetsa mawu ndi kuwakonza ndili chiimire.

Panatsala funso lakuti n'chifukwa chiyani chisokonezo chinkatenga nthawi yaitali chonchija, pomwe switch imadzuka m'kanthawi kochepa. Yankho lili m'makonzedwe a ptp4l. Imalumphitsa wotchi kamodzi kokha, poyamba penipeni, ngati kusiyana kwaposa ma microsecond 20. Pambuyo pake step_threshold imakhala pa 0.0, kutanthauza kuti isalumphitsenso zivute zitani, izingothamangitsa wotchi mpaka ipeze inzake. Pa ntchito zambiri ndi nzeru yabwino, wotchi yolumphalumpha imasokoneza zambiri. Koma phc_ctl eth0 caps inasonyeza kuti khadi yathu imalola kuthamangitsidwa ndi pafupifupi 6 peresenti basi, ndipo kubweza masekondi 37 pa liwiro limenelo ndi mphindi pafupifupi khumi. Mphindi zonsezo freq inali itakakamira pa malire, wotchi ya kompyuta yojambulira ikuthamanga kuposa ya mikisa ndi miyezo masauzande pa sekondi. Nyimbo iliyonse yojambulidwa m'mphindi zimenezo inali yotayika. Pamwamba pa izo phc2sys, yomwe inkayenda ndi -s eth0 -w, inkakhulupirira wotchi ya m'khadi n'kuyamba kukokera ya kompyuta m'mbuyo.

Kodi ichi ndi cholakwika cha driver kapena anachita kufuna? Mukhoza kutsutsana. Amene analemba ankafuna kuti khadi isadzuke ndi wotchi ya ziro, ndipo nthawi ya kompyuta ndi yomwe inali pafupi. Kwa ine, driver yomwe imasintha wotchi pansi pa pulogalamu yomwe ikuiyendetsa, osaiuza, yalakwa. Koma mwini studio safuna mtsutso, afuna nyimbo.

Tinachita zitatu. Mu ptp4l.conf ndinaika step_threshold 1.0, kuti kusiyana kukaposa sekondi imodzi wotchi ilumphe nthawi yomweyo. Zotsatira zake ndi kadukidwe kamodzi kakafupi m'malo mwa mphindi khumi. Ndinasintha phc2sys kuti iziyenda ndi -a -r, momwe imafunsa kaye ptp4l ngati doko lili pa SLAVE, kutanthauza kuti likutsatira grandmaster, isanatsatire wotchi ya m'khadi. Apa chenjerani: musaike malire olumphitsira pa phc2sys musanaike pa ptp4l, chifukwa ikhoza kulumphitsa wotchi ya kompyuta masekondi 37 m'mbuyo, ndipo driver ikadzayambitsanso khadi idzakopera nthawi yolakwikayo. Chachitatu ndi chomwe chinathandiza kwambiri ngakhale chilibe luso lililonse: tinakoka waya wa magetsi kuchokera pa UPS kufika pa switch. Link siitsikanso jenereta ikamalira. Mabatire a UPS satha zaka zambiri m'kutentha kwa kuno, ndiye ndinawauza kuti aziwayesa pozimitsa magetsi dala tsiku lopanda ntchito, osati kudikira kuti awayesere kwaya.

tx_timestamp_timeout ndinaitsitsa kufika pa 10. Ikakhala yaikulu kwambiri imabisa kuchedwa komwe mukanafuna kukudziwa, ndiponso ptp4l ikamadikira chidindo siichita china chilichonse.

Ngati mwapeza zonga izi pa khadi yanu ndipo mukufuna kudziwitsa osamalira driver kapena osamalira mtundu wa Linux womwe mukugwiritsa ntchito, musangolemba kuti wotchi ikusokonekera. Ikanipo zotuluka pa uname -r, ethtool -i ndi ethtool -T, manambala a ethtool -S musanayese ndi mutayesa, mizere ya ptp4l ndi ya dmesg ya nthawi imodzimodziyo, ndi masitepe oitanira vutolo kuyambira pa makina ongodzuka kumene. Nenaninso kernel yomwe vuto lilipo ndi yomwe palibe, chifukwa ndi mitundu iwiri imeneyo iwo amatha kufufuza kusintha komwe kunalibweretsa kapena kulichotsa.